Muyeso Wopangidwa Pabwalo

Aliyense amene adagulako chimanga mumsika waukulu wa ku Old Town mumzinda wa Lilongwe amadziwa kuti malonda amayamba ndi kugwirizana pa muyeso. Wogulitsa akati ndowa, wogula amayamba waisuzumira kunsi kuti aone ngati sidafinyidwe dala. Popanda muyeso umene onse awiri akuukhulupirira, pamabuka mkangano m'malo mwa malonda. N'chifukwa chake dziko lathu lidakhazikitsa bungwe la Malawi Bureau of Standards m'chaka cha 1972. Komatu si chimanga ndi nyemba zokha zimene zimafuna muyeso. Nawo mawu a munthu akalowa m'makina amasowa muyeso wake, kuti chimene makina ena ajambula makina enanso athe kuchiliza.

Ife amene tidakulira m'nthawi ya makaseti sitinkaganizako za nkhani imeneyi. Kaseti yogulidwa mumsewu wa Malangalanga inkalira mu wailesi iliyonse, kaya ya bwana wa ku Area 10, kaya ya mlonda wake. Ine ndinkajambula ophunzira anga akulakatula ndakatulo, ndipo kaseti yomweyo inkamveka bwinobwino pa sukulu ina. Chinsinsi chake chidali chakuti kampani ya Philips, imene idatulutsa kaseti mu 1963, idalola makampani ena kupanga makaseti ofanana ndi ake popanda kulipira. Koma kumeneku kudali kukoma mtima kwa mwini ndowa. Pamene nyimbo zidasamukira m'makompyuta, padabwera njira yotchedwa MP3, imene mbali yaikulu idakonzedwa ndi bungwe la Fraunhofer ku Germany. Iyi idali ndi eni ake, ndipo opanga makina ndi mapulogalamu ankayenera kulipira kuti aigwiritse ntchito mpaka m'chaka cha 2017.

Padali akatswiri ena amene sadakondwe ndi zimenezi. Iwo ankati sibwino kuti mawu a anthu a dziko lonse lapansi azisungidwa m'nkhokwe imene makiyi ake ali m'thumba la munthu mmodzi. Awa ndi anthu amene amalemba mapulogalamu a kompyuta poyera, kotero kuti aliyense angathe kuona m'mene adalukidwira, kuwakonza ndi kuwagawira anzake mwaulere. Pulogalamu ya Audacity yojambulira ndi kudulira mawu, imene idatuluka mu 2000, ndi imodzi mwa ntchito zawo. Komabe ntchito yawo imene yatifika pafupi kwambiri ndi njira yotchedwa Opus.

Mawu ojambulidwa ndi katundu wolemera. Mphindi imodzi ya nyimbo ya pa CD imadya pafupifupi mamegabaiti 10. Kuti mawu ayende pa lamya popanda kutha mayunitsi, ayenera kupanikizidwa monga m'mene amapanikizira fodya m'belo, n'kukamasulidwa uko akupita. Opus ndi lamulo la kapanikizidwe ndi kamasulidwe kameneka. Uthenga wa mawu umene mdzukulu wanga amanditumizira pa WhatsApp kuchokera ku ntchito kwake ku City Centre umayenda mwa njira imeneyi, ndipo wa mphindi imodzi sukwana ngakhale megabaiti imodzi. Kwa agogo amene sadapite kusukulu, uthenga wotere ndiyo kalata yokha imene angathe kulemba ndi kuwerenga okha.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi m'mene muyeso umenewu udapangidwira. Nkhani yake idakambidwa ku bungwe la IETF, limene lidayamba mu 1986 ndipo limagwirizanitsa malamulo a kayendedwe ka intaneti. Bungweli lilibe kaundula wa mamembala. Aliyense wofuna amalowa m'zokambirana, ndipo zonse zokambidwa zimasungidwa poyera. Poyamba ena adatsutsa, nati ntchito yokonza miyeso ya mawu ndi ya mabungwe ena. Atakambirana kwa nthawi, gulu loona za nkhaniyi lidakhazikitsidwa mu 2010. Padali njira ziwiri zodalirika: SILK ya kampani ya Skype, imene inkachita bwino pa mawu olankhula, ndi CELT ya bungwe la Xiph.Org, imene inkachita bwino pa nyimbo. M'malo mosankha imodzi n'kutaya inzake, Jean-Marc Valin, Koen Vos ndi Timothy Terriberry pamodzi ndi anzawo adazilukira pamodzi. Mu Seputembala 2012 Opus idasindikizidwa m'chikalata chotchedwa RFC 6716, kuti aliyense aigwiritse ntchito osalipira. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Pabwalo limeneli pali miyambo iwiri imene ophunzira ayenera kuilingalira. Woyamba ndi wakuti mfundo siipambana kaamba ka kuchuluka kwa manja okwezedwa. Nthawi zina wapampando amapempha anthu kuti ang'ung'uze, ovomereza payekha, okana payekha, kuti amve kumene maganizo apendekera. Ngakhale otsutsa akhale ochepa, chifukwa chimene apereka chiyenera kuyankhidwa nkhani isanatsekedwe. Izi zimandikumbutsa bwalo la kwathu, kumene nyakwawa yanzeru sithamangira kugamula mlandu wodandaula asanamalize mawu ake. Mwambo wachiwiri ndi wakuti pakamwa pokha sipakwanira. Wonena kuti njira yake ndi yabwino ayenera kubweretsa pulogalamu yogwira ntchito, anthu ayese ndi makutu awo. Mmisiri amadziwika ndi mpando umene wakhoma.

Ngakhale zili choncho, bwalo limamva okhawo amene afikapo. Zokambiranazi zimachitika m'Chingerezi, ndipo wopita ku misonkhano yake amafunika ndalama ndi nthawi. Chichewa chathu chili ndi khalidwe lakelake. Mawu akuti "mtengo" angatanthauze chomera cha m'nkhalango kapena ndalama zogulira chinthu, ndipo kusiyana kwake kuli pa kakwezedwe ka liwu. Lero makina akuphunzitsidwa kumva ndi kulemba zimene anthu akulankhula. Njira yatsopano ikadzasokoneza kakwezedwe kameneka, adzazindikira ndani ngati pabwalopo palibe mwini chiyankhulo? Nyimbo zathu zakale, zonga zimene Hugh Tracey adajambula kuno m'zaka za m'ma 1950, nazo zimafuna kusungidwa m'miyeso yosabisa, kuti zidzukulu zidzazimve ngakhale kampani ina itagwa.

Kwa inu amene muli mu Fomu 3 ndi Fomu 4, ndinene motere: luso limene mukuphunzira pa mtsutso wa m'kalasi ndi lomwelo limene likufunika kumeneko. Phunzirani kupereka chifukwa, kumvetsera wotsutsana nanu mpaka amalize, ndi kusonyeza umboni wa zimene mwanena. Onjezerani masamu ndi maphunziro a kompyuta. Pakhomo pa bwalo limeneli palibe mlonda wofunsa kuti ndinu mwana wa yani kapena mumakhala ku Area iti. Mukakhala chete, ena adzakuyezerani ndowa, ndipo inu mudzangolandira zimene akupatsani.