Kuchokera ku Bembeke Kunka ku London Chogona

Ine ndine mlimi wa mbatatesi wa ku Bembeke, m'boma la Dedza, ndipo ndifuna kuuzako anzanga a kumudzi za ulendo umene ndinayenda pa ndege kunka ku London. Amene anandiitana ndi mwana wanga wamkazi, namwino ku England. Podziwa kuti msana wanga unatha ndi khasu, iye anandigulira tikiti ya mipando ya kutsogolo, imene amati Business Class.

Ndinanyamuka m'mamawa nkhungu isanachoke paphiri. Minibasi inanditula ku Lilongwe, ndipo galimoto lina linandifikitsa ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Ndege ya Ethiopian Airlines inatha maola ngati anayi kufika ku Addis Ababa. Kumeneko ndinakwera ina yaikulu pakati pa usiku, ya ulendo wa maola pafupifupi asanu ndi atatu.

Tsono tamverani za mpando wake. Ngwotakasuka ngati wa mfumu, ndipo pambali pake pali mabatani. Mukadina limodzi, mpando utambasuka pang'onopang'ono nukhala bedi. Anandipatsa bulangeti, mtsamiro, ndi kachikwama muli mswachi, sokosi ndi kansalu kophimba m'maso. Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anabwera ndi kansalu kotentha pambale. Ine ndinayamba ndaona chimene mnzanga wa pafupi achita nako, ndipo nditaona kuti apukuta m'manja, inenso ndinapukuta.

Chakudya chinadza m'mbale zadothi, china pambuyo pa chinzake. Pambali pa nyama panali timbatatesi titatu. Ndinaseka ndekha, pakuti kwathu totere tisunga ta mbewu, ndipo wogula pa msika wa Bembeke sangatiyang'ane n'komwe.

Patsogolo panga panali kanema woonetsa pamene tafika. Analemba kuti tili mamita 11,000 m'mwamba, ndiko kuti mapiri a Dedza asanu osanjikizana, pakuti phiri lathu ndi la mamita 2,198. Kunja kunali kuzizira madigiri 50 pansi pa ziro, chisanu choposeratu cha mwezi wa Juni kwathu. Kutalika kotero mpweya uchepa, munthu sangapume. Chifukwa chake makina apopera mpweya m'kati mwa ndege kuti ufanane ndi wa pamwamba pa phiri la mamita ngati 2,000. Motero ine usiku wonse ndinali kupuma mpweya wonga wa pansonga pa phiri la Dedza. Koma ngwouma, ndipo afunika kumwa madzi kawirikawiri. Makutu akatseka, mezani malovu.

Tulo tisanabwere ndinadzuka kuti ndiwongole miyendo, ndipo ndinasuzumira kuseri kwa katani yolekanitsa ife ndi anzathu a kumbuyo. Kumeneko anthu anakhala asanu ndi anayi pamzere umodzi, maondo atagunda mpando wa patsogolo. Mayi wina anali kusinza chokhala, khanda lili pamiyendo. Iwonso anadya, iwonso anafunda, ndipo tonse tinafika nthawi imodzi. Chimene ndalama yochulukayo igula ndi malo ndi tulo basi, ndipo mtengo wake uposa wa kumbuyo kangapo.

Nditabwerera pa bedi langa ndinakumbuka malemu bambo anga. Iwo ndiwo anayamba kukwera ndege pamtundu pathu, pamene Wenela inali kutenga amuna kunka ku migodi ya ku Joni kudzera ku Francistown. Ankasimba kuti anakhala mothinana, mtolo pamiyendo, mtima uli m'mwamba. Akuluakulu akumbuka tsiku la 4 Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, nipha Amalawi 74 amene anali kubwera kwawo. Chaka chomwecho boma linaimitsa kulemba anthu a Wenela. Bambo anga analipira ulendo wao ndi thukuta la pansi pa nthaka. Wanga unalipidwa ndi mtsikana amene ena anandiuza kuti ndimkwatitse atangotha Sitandade 8.

Titatera ku London m'mawa, ndinatuluka msana uli bwino, ndipo mwana wanga anagwada pakati pa anthu onse aja nati, “Bambo, mwayenda bwanji?” Ndinamuuza kuti ndayenda chogona, koma pobwerera andigulire mpando wa kumbuyo, ndalama yotsalayo ikhale ya fizi ya mphwake ndi feteleza wa chaka chino. Anakana poyamba, koma pambuyo pake anamvera.

Anzanga alimi, matumba a mbatatesi amene ndinagulitsa zaka zonse zija kulipirira sukulu sanapite pachabe. Akulu anati m'mera m'poyamba. Mvula ikagwa bzalani msanga, ndipo sukulu ikatsegulidwa, ana aakazi asatsale pakhomo.