Chiwongolero chinafewa, mpamba unapita

Amalonda anzanga, imvani za Land Rover yanga ya 109, nkhalamba imene imanyamula manachesi ndi kachewere kuchokera ku Neno kupita ku Limbe. Chiwongolero chake chinkalira mphamvu za munthu basi. Ukatsika mapiri a kwa Dambe utalongeza, pofika pa Zalewa mapewa ali moto!

Ndiye ndinapita kwa amakaniko kuti aikemo pawa sitiyaring'i. Anasintha bokosi la chiwongolero, namanga pampu yozungulira ndi lamba wa injini, kathanki ka oyilo ndi mapaipi awiri. Pothawa mtengo ndinagula mapaipi a kaunjika. Eee, ndinayamba kukhota ndi zala ziwiri ngati bwana!

Sabata yachitatu paipi imodzi inaphulika pa mtsetse. Oyilo yense pansi, chiwongolero gwa! Mwayi ndinathera m'ngalande, osati kuphompho. Masiku anayi ndikudikira paipi, manachesi a ngongole akungowola.

Lero sindiliza injini ndisanaone oyilo ndi lamba. Pampu gulani yakale ngati thumba laperewera, koma mapaipi, chonde abale, atsopano. Ine kutchipa kunandidyera mpamba wonse.