Zisudzo za anthu akuda mumzinda wa fodya

Ulendo wanga wa ku North Carolina, m'dziko la America, unakathera ku Winston-Salem, mzinda umene Mmalawi sangachedwe kuumvetsa chifukwa unamangidwa ndi fodya. Kampani ya R.J. Reynolds inakulira konkuno, ndipo manja ambiri amene ankagwira fodyayo m'mafakitale anali a anthu akuda. Adzukulu awo lero amalandira alendo pa chikondwerero cha zisudzo cha National Black Theatre Festival, chimene Larry Leon Hamlin anayambitsa mu 1989, mlembi Maya Angelou ali wapampando woyamba. Chimachitika pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyambira 2024 chikutchedwa International Black Theatre Festival.

Ndikuona kuti phindu lenileni la chikondwererochi silili pa zovala zapepo zimene zimadzaza misewu sabata imeneyo, ngakhalenso pa akatswiri a mafilimu amene amabwera kudzajambulitsa. Lili pa kukumana. Hamlin, yemwe anali atakhazikitsa kale gulu la North Carolina Black Repertory Company mu 1979, anaona magulu a zisudzo a anthu akuda akufa limodzilimodzi, lililonse palokha, osadziwana. Mutu umodzi susenza denga: magulu akasonkhana, wolemba sewero amapeza wolionetsa, ndipo sewero lobadwira m'holo yaing'ono limaitanidwa kumizinda ina. Alipo amene amati bwalo lotere limagawa anthu potengera khungu, ndipo nkhawa yawo sindikuipeputsa. Koma pakhomo sabweza munthu, woyera ndi wakuda amagula tikiti imodzimodzi. Kugawako kunachitika kale, kwina: mu 1996 mlembi August Wilson anadandaula kuti mwa nyumba zazikulu za zisudzo 66 za m'bungwe limodzi la dzikolo, ya anthu akuda inali imodzi yokha. Munthu womanidwa malo pabwalo akalambula lake, sitimuimba iyeyo mlandu wa tsankho.

Chonditsutsa champhamvu ndi china: sabata imodzi pa zaka ziwiri siilipira lendi ya gulu miyezi yotsalayo. Zimenezo n'zoona, ndipo chikondwerero sichingalowe m'malo mwa ndalama. Komabe Hamlin anamwalira mu 2007 ndipo ntchito yake sinapite naye kumanda. Ngakhale Covid-19 inangokankha chikondwererochi kuchoka mu 2021 kufika mu 2022. Mukadzafika ku America m'chaka chake, dzapatukireni ku Winston-Salem.