Manotsi a Bayoloje amene sanatseguke

Lero ndikufuna ndiulule pomwe ndinalakwa, mwina wina aphunzirapo kanthu.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tinatsegula gulu la pa foni la ana a Fomu 4. Poyamba ndinkalemba manotsi ngati uthenga wamba, mawu okhaokha. Kenako mnzanga wina wa ku Blantyre anandionetsa pulogalamu ya pa intaneti yokongoletsera manotsi. Eee, ndinatengeka! Ndinachezera usiku kukonza mutu wa kayendedwe ka magazi, ndi zithunzi za mtima zamitundumitundu. Fayiloyo inakwana 14 MB. Ndinatumiza ndikudziona ngati mphunzitsi wamakono.

Ana a mayeso atabwerera kusukulu mu Seputembala, ndinafunsa funso la mutu womwewo. Mtsikana wina amene nthawi zonse ankakweza dzanja anangoti zyoli. Anzake atatuluka anandiuza motsitsa mawu: "Sala, foni ndi ya amalume, ndipo amabwera nayo Loweruka lokha. Fayilo yanu ija inkafika pakati n'kuima, bandulo n'kutha. Anagula kawiri, kachitatu anakana." Manotsi oyamba aja, a mawu okhaokha, anali atakopera onse mu kope lake. Okongolawo sanawaonepo.

Manyazi anandigwira chifukwa ine ndinayenera kudziwa. Mu 2008, chaka chomwe Celtel inasanduka Zain, ndinkalowa pa intaneti ndi kafoni ka Nokia ka mabatani, kudzera pa Opera Mini. Pulogalamu imeneyi imayamba yatenga tsamba kupita nalo ku makompyuta a kampaniyo, n'kulifinya, kenako n'kukutumizira litapepuka. Masamba ambiri analinso ndi adilesi yapadera ya pa foni, yoyamba ndi "m.", yopanda zokongoletsa. Amene ankakonza zimenezi ankadziwa kuti wowerenga ali ndi kasikirini kakang'ono komanso mayunitsi ochepa. Wowerengayo ndinali ine, koma nditagula foni yabwino ndinaiwala.

Mu 2015 Google inayamba kuika patsogolo masamba owerengeka bwino pa foni. Zabwino ndithu, koma tsamba kukwana pa sikirini sikutanthauza kuti ndi lopepuka. Komanso mapulogalamu akamakonzedwa mwatsopano, mafoni akale amatsalira. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa Android yosafika 5.0. Pali zifukwa zomveka, monga chitetezo. Koma mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo kholo lodalira ndalama ya manachesi silingangodzuka n'kukagula foni yatsopano ku boma.

Pano ndili ndi malamulo anga atatu. Loyamba, manotsi ndimatumiza ngati uthenga wamba, mutu umodzi pa nthawi. Lachiwiri, chithunzi ndimajambula pa pepala ndi bolopeni yakuda, n'kutumiza chimodzi chokha, choti mwana atha kukopera. Lachitatu, chida chilichonse chatsopano ndimayamba ndachiyesa pa foni yanga yakale imene ndinasunga mu dilowa. Ikalephera kutsegula, ndiye kuti theka la kalasi lilepheranso.

Sindikudana ndi zatsopano ayi. Ndimangodzifunsa kuti kukonzaku kukomera ndani, ine kapena mwana wobwereka foni Loweruka?

Inu amene munaphunzira kuno ndipo pano muli ku Lilongwe kapena ku Joni, ena mwa inu mukukonza mawebusayiti. Chonde, mukamaliza, muziyesa pa foni ya amayi anu kumudzi.

Mtsikana uja ndinamubwereka kope langa kuti akopere mutuwo. Kupepesa ndinapepesa, koma ndalama za amalume ake za mabandulo awiri sindinabweze mpaka lero.