Bulugamu wa kumapiri ozizira a Tsangano ndi Macanga

Ntchito yanga ndi ya nazale ya mitengo, ndipo mtengo umene anthu amaufunsa kwambiri kuno ndi bulugamu. Alimi a fodya a ku Furancungo amafuna mapolo a zigafa, alimi a mbatatesi a ku Tsangano amafuna milimo ya nyumba ndi nkhuni. Koma kumtunda kuno, mu Juni ndi Julaye chisanu chimagwa m'madambo, ndipo mbande yanthete imacha itapserera ngati yadutsidwa ndi moto.

Bulugamu kwawo ndi ku Australia, ndipo alipo mitundu yoposa 700. Eucalyptus grandis, amene wafala ku Malawi ndi ku Mozambique, amakula msanga ndi kuwongoka bwino, koma akadali wamng'ono sapirira chisanu. Eucalyptus nitens ndi Eucalyptus macarthurii, amene amabzalidwa kumapiri ozizira a Mpumalanga ku South Africa, ndiwo olimba. Njere zawo sizipezeka wamba, choncho ine ndimatola mbewu ku mitengo yowongoka, yopanda matenda, imene yakulira pamalo ozizira konkuno.

Zibalobalo zimathyoledwa zitakhwima koma zisanayasame. Zikayanikidwa pachiguduli masiku angapo, zimatulutsa fumbi lofiirira. Lambiri mwa fumbilo ndi mankhusu chabe; njere zenizeni ndi zochepa komanso zazing'ono zedi. N'chifukwa chake wofesa amazisakaniza ndi mchenga wosefa, n'kuwaza pabedi losalala, n'kuphimba ndi mchenga wongokwanira kubisa njere. Wozikwirira kwambiri amadikira pachabe. Madzi amathiridwa ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono, pansi pa mthunzi wa udzu, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri bedi limayamba kubiriwira.

Nthawi yofesa ndi Ogasiti kapena Seputembala, kuzizira kutatha. Mbande ikatulutsa masamba anayi, imazulidwa ndi kamtengo kosongoka, ikugwiridwa patsamba osati patsinde, n'kuwokeredwa m'chubu cha dothi la m'nkhalango losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola bwino. Muzu ukalowa wopindika, mtengowo udzagwa ndi mphepo ngakhale utakula. Madzi akachuluka, mbande zimawola m'khosi n'kugwa zambiri tsiku limodzi.

Mwezi womaliza ndi wozilimbitsa. Mthunzi umachotsedwa pang'onopang'ono, madzi amachepetsedwa, ndipo machubu amasunthidwa kuti mizu yobowola pansi iduke. Mbande ya masentimita 25 mpaka 30, ya tsinde lokhwima bwino, ndiyo yoyenera kumunda mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale. Ikatero imakhala ndi miyezi isanu yozika mizu chisanu chisanabwere.

Ogula ndimawauza malo obzala ndisanalandire meticais awo. Mpweya wozizira umatsikira kudambo usiku, choncho bulugamu abzalidwe pamtunda, motalikirana mamita awiri ndi theka, kutali ndi chitsime, mtsinje ndi munda wa chimanga, chifukwa amamwa madzi ambiri. Chaka choyamba adani ake ndi chiswe, udzu, mbuzi ndi moto wolusa, ndipo kupalira mozungulira mtengo uliwonse sikulephereka. Grandis akadulidwa amaphukanso pachitsa, ndipo mwini amasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu kuti adzadulenso mapolo. Nitens saphuka bwino, kotero womubzala amabwereranso ku nazale akakolola.