Nkhope za Phula ndi Nkhope ya Mwana Wanga

M'caka ca 2023 ndinakwera ndeke kwa nthawi yoyamba kupita ku London kukacezera mwana wanga wamkazi amene agwira nchito ya unamwino kumeneko. Tikiti ya ndeke anandigulira ndi iye, koma ndalama za m'thumba zinali zanga, zocokera ku nshawa zimene tinagulitsa caka cimeneco. Nditazisintha kukhala mapaundi, zinatsala zocepa ngati madzi a m'dambo mwezi wa Okutobala.

Motero ndinaphunzira kuyenda mosamala. M'mawa uliwonse ndinali kunyamula buledi ndi tiyi wa m'fulasiki. Kumene miyendo ikanafika sindinali kukwera sitima ya pansi pa nthaka. Ndinaona British Museum ndi National Gallery, cifukwa m'nyumba zimenezi munthu alowa osalipira. Koma panali malo amodzi olipiritsa amene mtima wanga unakakamira: Madame Tussauds, nyumba ya zifanizo za phula, pa msewu wa Marylebone Road.

Phula ndimalidziwa bwino. Ndi lomwe lija alimi a njuci a ku Kabompo ndi ku Mwinilunga amasungunula akafinya uci, ndipo ndi limene makandulo abwino amapangidwa nalo. Ndinafuna kuona mmene cinthu cotere cingasandukire nkhope ya munthu. Tinagula matikiti awiri pa intaneti, pakuti kugulira pakhomo kumadula koposa. Ngakhale zinali tero, mtengo wake ukanagula matumba angapo a ufa kuno kwathu. Ndinaumirira kulipira ndekha.

Mbiri ya nyumbayi ndi yocititsa cidwi. Mwini wake woyamba, Marie Tussaud, anabadwira ku Strasbourg m'caka ca 1761, ndipo luso loumba phula anaphunzira kwa sing'anga wina, Philippe Curtius. Pa nthawi ya cipolowe ca ku France cimene cinayamba mu 1789, iye anali kuumba nkhope za anthu odulidwa mitu. Mu 1802 anawolokera ku Britain, nayenda mzinda ndi mzinda kwa zaka zoposa 30 akuonetsa zifanizo zake, mpaka anakhazikika pa Baker Street mu 1835. Anamwalira mu 1850, ndipo adzukulu ake anasamutsira zonse pamalo a lero mu 1884. Moto waukulu unawononga zambiri mu 1925, koma nchito inayambanso. Kufikira lero amisiri amayesa nkhope ya munthu malo mazanamazana, nabzala tsitsi limodzilimodzi m'phulamo, ndipo cifanizo cimodzi cimatenga miyezi.

Titalowa, ndinakhala ngati mwana pa tsiku la Khrisimasi. Apa banja lacifumu, apo akatswiri a mpira, uko oimba. Anthu anali kukankhana kuti ajambulidwe nawo. Inenso ndinaima pamzere, ndipo nthawi ina ndinapepesa kwa cifanizo cimene ndinacigunda ndi cigongono. Popeza ndinalipira ndalama zowawa, ndinatsimikiza mtima kuti palibe nkhope imene ndidzaiphonya.

Patapita maola awiri ndinazindikira kuti ndiri ndekha. Ndinabwerera m'mbuyo kufunafuna mwana wanga. Pakona ina panali munthu atakhala phee, mutu utatsamira khoma, maso otseka. Ndinali nditamudutsa kale kamodzi, ndikuganiza kuti nayenso ndi phula. Nditayandikira ndinaona cifuwa cake cikukwera ndi kutsika. Anali mwana wanga, ali m'tulo.

Usiku wonse anali pa nchito m'cipatala, ndipo m'mawa anangosamba ndi kundiperekeza osadandaula. Ndinakhala pambali pake ndi kumuyang'ana. Ndinaona mizere pansi pa maso ake, manja ouma ndi sopo, ndi imvi ziwiri zimene sindinazidziwe. Masabata atatu ndinali kugona m'nyumba mwake, kudya cakudya cake, koma ndinali ndisanamuone. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atadzidzimuka anati, “Pepani Atate, mwataya ndalama zanu pa ine. Tiyeni tikaone zotsalazo.”

Ndinati, “Iai mwana wanga, zokwanira ndaziona. Tiye ukapumule.”

Tinatuluka ndi kukakhala pa benci m'munda wa Regent's Park, umene uli pafupi ndipo sulipiritsa. Tinagawana buledi ndi tiyi uja. Kumeneko anandiuza zimene sanali kulemba pa foni: kuzizira, kusungulumwa, ndi mantha ake akuti akaleka kutumiza ndalama mwezi umodzi, ife kumudzi tidzati waiwala kwao. Ndinamva manyazi, cifukwa mauthenga anga ambiri kwa iye anali ofotokoza zosowa zathu.

Sindinong'oneza bondo pa ndalama za nshawa zija. Luso la amisiri aja ndi lenileni, ndipo amene angathe akaone. Koma makolo anzanga amene muli ndi ana ogwira nchito kutali, kaya ku Lusaka, ku Kitwe kapena kutsidya kwa nyanja, mukawaimbira foni sabata ino yambani mwafunsa ngati akugona tulo tokwanira. Za feteleza mudzanena tsiku lina.