Chithunzi Chimene Sichidapite Kumudzi

Chinthu chimene ndifuna kukambapo pano chilibe dzina lokhazikika m'Chichewa, ndipo si mlandu wa makolo athu ayi, pakuti munthu satcha dzina mwana amene sadabadwe m'mudzi mwake. Ena amati matalala, koma matalala tonse tiwadziwa: ndi timiyala tija timaboola fodya m'munda ndi kuliza malata. Ena amati chisanu, koma chisanu sichigwa kuchokera kumwamba. Chimangopezeka m'mawa chitayeretsa udzu wa m'madambo a ku Dedza mwezi wa Juni kapena Julaye. M'mabuku ena mumalembedwa kuti chipale chofewa, mawu amene sindidamvepo munthu akuwatchula ali pamoto. Kunyumba kwathu tinkangoti sinowo, ndipo ndigwiritsa dzina lomwelo.

Ndikati kunyumba kwathu ndikunena ku Rutherglen, tauni yogundana ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland, kumene tidakhala zaka zinayi pamene bambo ankachita maphunziro awo. Blantyre wa kumeneko, kwawo kwa David Livingstone, ali pafupi pomwepo, kotero agogo akafunsidwa kumudzi ankangoyankha kuti ana ali cha ku Blantyre, osanama. Tinkakhala m'nyumba yosanja, ife pamwamba, pansi pathu agogo ena achizungu amasiye. Mayi ankagwira ntchito panyumba ina yosamalirako okalamba, mtunda wa makilomita 5 kuchokera kwathu. Ine ndidali ndi zaka 15, ndipo chuma changa chonse chidali kamera yakale imene bambo adandisiyira atagula foni yojambula bwino.

Sinowo tidali titamuonapo kale zaka za m'mbuyo, koma wongowaza ngati mchere, wosungunuka dzuwa lisanafike paliwombo. Wa chaka cha 2018 adali wina. Akatswiri a zanyengo adalongosola kuti pakati pa mwezi wa Febuluwale mpweya wa m'mwamba kwambiri, cha kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, udatentha mwadzidzidzi, ndipo mphepo imene masiku ambiri imaomba kuchokera kuzambwe idafooka nitembenuka. M'malo mwake kudabwera mphepo yakuvuma, yochokera ku Siberia, imene pooloka nyanja ya North Sea idatola chinyezi n'kudzachikhuthulira pa Britain. Nyuzipepala zidaitcha Beast from the East, ndiye kuti chilombo chakuvuma. Lachitatu pa 28 Febuluwale a Met Office adatulutsa chenjezo lofiira, lalikulu koposa machenjezo onse, lotanthauza kuti miyoyo ya anthu ili pangozi; kadali koyamba kuti chenjezo lotere litulutsidwe ku Scotland chifukwa cha sinowo. Sukulu zidatsekedwa, mabasi ndi sitima zidaima, ndege pabwalo la Glasgow zidaleka kuuluka, ndipo pamsewu waukulu wa M80 magalimoto mazanamazana adagona panjira, eni ake ali momwemo.

Mayi adali oti alowe ntchito usiku, koma ataona m'mene kunja kudaipira adanyamuka masana, mabasi asanalekeretu. Ife tidatsala tili pazenera. Munthu wozolowera mvula yathu, imene imayamba yatumiza mabingu ndi fungo la dothi, amasokonezeka ndi sinowo, chifukwa iye salira padenga. Usiku wonse tinkangomva mphepo ikulira m'mipata ya zitseko, koma chimene idanyamulacho chinkatera mwakachetechete ngati thonje. Kutacha Lachinayi ndidatsegula katani: kunja konse kuli mbee! Msewu, kapinga, mipanda ndi magalimoto, zonse zidasanduka chinthu chimodzi. Ndipo kudali zii, bata loti mumzinda sulipeza, pakuti sinowo watsopano amakhala ndi mpweya wambiri m'kati mwake ndipo amameza phokoso. Nditaponda panja mwendo udalowa mpaka m'bondo.

Kujambula sinowo kuli ndi mwambo wake. Kamera imayesa kuwala isanatenge chithunzi, ndipo idapangidwa mongoganizira kuti dziko, ukasakaniza zoyera ndi zakuda zake zonse, limakhala lotuwa. Tsono ikakumana ndi bwalo loyera lokhalokha imayesa kuti kwawala mopitirira, nichepetsa kuwala kolowa, kotero kuti sinowo amatuluka ngati phulusa la moto wa dzulo. Wojambula ayenera kuikakamiza kuti ilowetse kuwala kowirikiza kawiri, mwina kanayi, ndipo apo m'pamene choyera chimaoneka choyera. Batire nalo limaopa kuzizira kuposa mwini wake. Limafa msanga, ndiye ndinkalichotsa n'kulifungatira m'khwapa ngati dzira mpaka litatsitsimuka. Polowa m'nyumba ndinkayamba ndatsekera kamera m'jumbo, chifukwa galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda limachita thukuta, monga lichitira botolo lochokera m'firiji. Zala zinkauma moti batani ndinkalidina osalimva.

Koma zimene ndidaona zidandilipira. Dzuwa litasuzumira pang'ono, mithunzi ya mitengo siidali yakuda koma yobiriwira ngati thambo, popeza pamthunzi pamafika kuwala kwa thambo kokha. Kachidutswa kamodzi katagwera pamkono wa jekete yanga ndidakayandikizira kamera, ndipo kadali kanyenyezi ka nsonga zisanu ndi imodzi, kamene kadasungunuka nditangokapumira. Ndidajambula mapazi a nkhandwe imene idadutsa kuseri kwa nyumba usiku, njinga ya mwana itakwiririka chiongolero chokha chili pamtunda, ndi msewu wathu wonse ulibe ndi tayala limodzi lomwe loupondapo. Tsiku limenelo ndidatenga zithunzi zoposa 200.

M'nyumba nkhani idali ina. Gasi wotenthetsera nyumba tinkalipiriratu pa khadi, monga tichitira ndi mayunitsi a magetsi kuno, ndipo bambo ankapita kukasuzumira mita kawirikawiri ngati munthu amene ali ndi wodwala kuchipinda. Tidatseka zipinda zogona n'kusamukira tonse pabalaza. Kusitolo ya pakona buledi ndi mkaka zidatha tsiku loyamba lomwelo, malole obweretsa katundu atalephera kufika. Ife chidatipulumutsa ndi thumba la ufa ndi nyemba zouma, zimene mayi sankalola kuti zisowe m'nyumba. Khomo la agogo apansi aja lidatsekeka ndi mulu wa sinowo umene mphepo idaunjika. Fosholo tidalibe, choncho bambo adakumba ndi thireyi ya mu uvuni, ine ndikukankha ndi tsache. Tidawapeza atavala zipewa ziwiri, atafunda bulangeti pampando, mwana wawo ali ku Edinburgh kopanda njira yobwerera. Bambo adawaphikira phala la ufa woyera. Adalawa, nati likufanana ndithu ndi phala la kwawo, kungoti lachepa mchere. Kuyambira pamenepo tinkatsika ndi mbale katatu pa tsiku.

Madzulo a Lachinayi ndidasankha zithunzi 10 zokongola koposa n'kuzitumiza pa WhatsApp kwa amalume ku Dedza. Mayankho sadachedwe. Asuweni anga adati ife tili kumwamba, ena napempha kuti tiwaitanitse ngakhale kudzakhala osesa pabwalo. Kenaka amalume adatumiza mawu a agogo, atawaonetsa zithunzi zija chimodzichimodzi. Agogo sadayamikire ayi. Adati, "Mdzukulu wanga, ndaona. Koma mudzi wake ndi wotani wopanda munthu ndi mmodzi yemwe panja? Kwagwa maliro kodi? Nanga utsi bwanji sukuoneka, mukuphika inu? Ndipo amayi ako ali kuti?"

Mayi adali asanabwere. Anzawo oti awalandire ntchito adalephera kufika, ndipo nkhalamba zosatha kudzuka zokha sungazisiye poti nthawi yako yakwana. Iwo ndi anzawo atatu adagwira usiku ndi usana, akugona mosinthana pamipando. Zoterezi sizidagwere iwo okha: masiku amenewo anamwino ndi madokotala ambiri adayenda pansi maola angapo kupita kuzipatala, ndipo ku Edinburgh asilikali adachita kutumidwa kukawanyamula pa magalimoto awo.

Adafika Lachisanu chakumadzulo, atayenda pansi makilomita 5 aja pakati pa msewu, m'tinjira timene matayala adasiya. Ndidawaona ndili pazenera ndipo ndidawajambula akukhota pakona, akuoneka ngati kadontho kakuda pakati pa kuyera konseko, mutu utawerama, chikwama chili kumsana. Atalowa ndidajambulanso, iwo atakhala pampando akuvula nsapato. Kumapazi adavala majumbo pamwamba pa sokosi, koma madzi adalowabe. Zala zidatuwa, milomo itang'ambika, maso ali psuu. Mwa zithunzi zonse za sabata imeneyo chimenechi ndicho chidatuluka bwino koposa, ndipo ndidati ndicho chikayankhe funso la agogo.

Mayi adachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adati, "Wajambula bwino, mwanawe. Koma chimenechi sichipita kumudzi. Agogo ako amadwala kuthamanga kwa magazi. Akachiona sagona mwezi wathunthu, ndipo palibe chimene angachite ali ku Dedza. Dikira ndipume." Loweruka m'mawa adasamba, nadzola, navala chikhoti chawo chofiira cha kutchalitchi, ndipo tidatsikira panja. Adaima pafupi ndi mtengo, sinowo ali m'manja, akuseka. Icho ndicho chidapita, ndipo mpaka lero chili pakhoma kwa agogo, amalume atakachitsukitsa kuboma.

Nkhaniyi ndaisinkhasinkha nthawi yaitali, makamaka chibwerereni kuno, pamene anzanga a m'chipinda amaona zithunzi zanga nandifunsa chimene ndidabwerera kufumbi. Sindinena kuti mayi adanama. Adasekadi tsiku limenelo, ndipo sinowo ndi wokongoladi. Amene adaona m'mawa wa Lachinayi uja sangakane. Kubisira kholo lokalamba mavuto amene silingathe kuwachotsa ndi ulemu umene tonse tidaphunzitsidwa. Koma chithunzi sichifika kwa agogo okha. Chimafikanso kwa msuweni amene wangomaliza Fomu 4, nayamba kuwerenga mbuzi za m'khola kuti aone ngati zingakwane tikiti. Chimafika kwa achibale amene amadabwa kuti munthu wovala chikhoti chotere angatumize bwanji ndalama zochepa chonchi. Ambiri a ife amene tidakhalako kunja tidatumizapo chithunzi chotere, pa zifukwa zabwino ndithu, ndipo zithunzi zonsezo pamodzi zamanga dziko limene silipezeka pa mapu, kumene anthu amangoima m'sinowo n'kumaseka. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mkuyu uwu timayamba taupukuta ndife eni tisanautumize.

Sabata yotsatira kudayamba kufunda. Sinowo adasanduka matope akuda m'mbali mwa misewu, mapaipi amene adaundana adaphulika m'nyumba zambiri, ndipo agogo apansi adatibwezera mbale zathu muli mabisiketi. Chithunzi cha majumbo chija ndikadali nacho. Mayi adandiloleza kuchionetsa kwa wina aliyense kupatula mayi awo, tsono amene afuna kuchiona andipeze tikatha zokambirana zathu. Ndipo inu amene muli ndi mbale wanu kumaiko ozizira, akadzakutumizirani chithunzi cha bwalo loyera, chiyamikireni, pakuti zala zidauma pochijambula. Mukatero mumufunse monga adafunsira agogo, amene sadapondepo m'kalasi: kodi mukuphika, nanga amene sakuoneka apayo ali kuti?